Wochoka ku Malasha Aphunzire Kumvana ndi Anthu a Mitundu Ina

Nchito ya malasha siikhalitsa monga kale. M'chaka cha 2022 kampani ya Vale, ya ku Brazil, inagulitsa mgodi wake wa ku Moatize, m'chigawo cha Tete, kwa kampani ya Vulcan, ya Amwenye. Chaka chomwecho ku South Africa anatseka nyumba ya magetsi ya Komati, imene inali kuotcha malasha, nayamba kukonza zophunzitsa anchito ake nchito zina. Tsono munthu wa ku Moatize kapena wa ku Mchenga, m'boma la Rumphi, angathe kupezeka tsiku lina ali ku Lilongwe kufuna nchito yatsopano.

Mphamvu ali nazo, ndipo makina awadziwa. Chimene chimamsowa kawirikawiri ndicho kudziwa kulankhula ndi anthu a mitundu ina. Makolo amene anapita ku Wankie, kumene tsopano kutchedwa Hwange, anali kumvana ndi akapitao m'Chilapalapa. Chinenero chimenecho chinali chabwino polamula kuti nyamula, bwera, fulumira, koma sichinali kuthandiza munthu kufotokoza bvuto lake kapena kukana mwaulemu. Chizolowezi cha kungomvera ndi kukhala chete chikalipobe mwa ambiri.

Ku Lilongwe mabwana ali a mitundumitundu. Ku Old Town kuli Amwenye a masitolo, ndipo amene ali Asilamu amatseka Lachisanu masana kukapemphera. Ku City Centre kuli maofesi a akazembe, ndiponso Nyumba ya Malamulo imene anamanga Machaina, yotsegulidwa mu 2010. M'nyumba zazikulu za ku Area 10 ndi Area 43 alonda, oyendetsa galimoto ndi osamala majenereta amatumikira alendo ochokera maiko akutali.

Kusamvana kumayambira pa zinthu zazing'ono. Mmalawi amayang'ana pansi polankhula ndi wamkulu, pakuti ndiwo ulemu. Mzungu amaganiza kuti munthuyo alikubisa kanthu. Mmwenye akagwedeza mutu uku ndi uku, kawirikawiri atanthauza kubvomera, koma womuona amayesa kuti wakana. Choopsa koposa ndi mau aja akuti "Inde, bwana" pamene munthu sanamve. Iye ayesa kuti wachita ulemu, koma nchito ikalakwika bwana amamuyesa wabodza. Wophunzira azolowere kunena kuti, "Pepani, sindinamve, bwerezaninso."

Nkhani ya maliro ndiyo imachotsetsa anthu ambiri nchito. Kuno munthu sangalephere kukaika amalume ake, ndipo mwana wa mbale wake amamutcha mwana wake. Mlendo amene kwao maliro amakonzedwa patapita masiku, ndi anthu owerengeka, amadabwa kumva kuti wanchito wake ali ndi atate atatu, nayamba kumkaikira. Nchifukwa chake wanchito afotokoze za chibale chimenechi pa tsiku lolembedwa nchito, osadikira uthenga wa imfa, ndipo atsanzike asanakwere basi.

Zimenezi siziphunzirika pa bolodi. Njira yabwino ndiyo ya masewero: wina akhale bwana wokwiya, wina wanchito wopempha tchuti, enawo aweruze. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999 kuyang'anira maphunziro a nchito zamanja, lingachite bwino kulimbikitsa masewero otere m'masukulu monga Lilongwe Technical College. Olemba nchito nawonso aitanidwe, pakuti ambiri a iwo sadziwa kuti kuyamba kulamula munthu m'mawa usanampatse moni ndi chipongwe.