Chilolezo cha nyumba ya ana chiyambire pa mlezi

M'boma la Kasungu, momwe kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 840,000, mlimi sangangodzuka n'kunyamula belo lake kupita nalo ku okushoni ya Chinkhoma. Amayamba walembetsa ku bungwe la Tobacco Commission, amapatsidwa mlingo wa fodya woti alime, ndipo belo likapezeka ndi masamba osakanikirana kapena zinyalala limabwezedwa. Alimi amadandaula nalo dongosololi, komabe amalidziwa bwino lomwe. Anthu omwewo mutawafunsa kuti munthu wofuna kusonkhanitsa ana a eni ake m'nyumba imodzi, kumawadyetsa ndi kuwagoneka, amayenera kudzera kuti, ambiri angayankhe kuti bola akhale ndi mtima wabwino ndi omuthandiza akunja. Sizili choncho ayi. Lamulo lilipo, maofesi oliyendetsa aliponso. Pomwe pali pofooka ndi apa: oyendera nyumbazi, ngakhalenso ife oyandikana nazo, timayang'ana malata, mabedi ndi matumba a chimanga, n'kuiwala kufunsa zomwe akudziwa munthu amene amagona ndi anawo usiku. Chilolezo cha nyumba yolereramo ana chiyenera kuyambira pa mlezi, chifukwa iyeyo ndiye amatembenuza malamulo a pa pepala kukhala moyo wa mwana.

Gawo 23 la malamulo aakulu oyendetsera dziko lino limateteza ufulu wa ana, ndipo kuchokera pomwe Nyumba ya Malamulo idalisintha mu 2017, mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Tsatanetsatane wake ali mu lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010. Lamuloli limati mwana akapezeka kuti ali pa chiopsezo, kaya watayidwa, akuzunzidwa kapena alibe womusamala, wapolisi, mkulu wa ofesi ya Social Welfare, mfumu ngakhalenso munthu wamba angathe kumutengera pamalo otetezeka. Koma uku n'kumusunga kongoyembekezera. Pasanathe maola 48 nkhani yake iyenera kufika ku khoti loweruza nkhani za ana, ndipo khotilo ndilo ligamule koti mwanayo akakhale, litamva lipoti la a Social Welfare. Apa mpomwe ambiri amasokonezeka. Kalata ya nyakwawa kapena ya m'busa ndi umboni wofunika, koma payokha sipereka mphamvu kwa mwini nyumba yosunga mwana zaka ndi zaka. Nyumba yomwe imalandira ana pa chipata popanda a Social Welfare kudziwa yaphwanya kale lamulo, ngakhale chakudya chake chitakhala chabwino motani.

Nyumbayo payokha imafunika chivomerezo cha nduna yoona za chisamaliro cha ana, ndipo pempho limadzera ku ofesi ya Social Welfare ya pa boma, yomwe imakaona malowo isanatumize maganizo ake ku likulu. Kulembetsa bungwe ku NGORA, komwe mabungwe omwe si aboma amalembetsa, ndi nkhani ina. Satifiketi ya kumeneko imangosonyeza kuti bungwelo likudziwika, sikuti laloledwa kugoneka ana. Lamulo la 2010 lidakhazikitsanso bodi ya Child Case Review Board, yotsogozedwa ndi jaji wa khoti lalikulu, kuti iziyendera malo osungirako ana ndi kuunika nkhani zawo. Bungwe la Malawi Human Rights Commission nalo lili ndi mphamvu zolowa m'malo otere n'kuona mmene ana akukhalira.

Zomwe oyenderawo adapeza n'zomwe zikundipangitsa kulimbikira pa mlezi. Kafukufuku yemwe boma lidachita pamodzi ndi UNICEF mu 2011, wotchedwa All Children Count, adawerenga nyumba 104 zosungira ana oposa 6,000. Pafupifupi 7 mwa alezi 10 alionse adali asanaphunzirepo za kasamalidwe ka ana, ndipo pa ana 10 alionse sipankakwana ngakhale mmodzi wokhala ndi ndondomeko yolembedwa ya chisamaliro chake. Malawi Human Rights Commission itayendera mu 2014 idapeza nyumba 168 zokhala ndi ana oposa 10,000, ndipo mu 2017 nyumba zidali 169, ana ali pafupifupi 8,000. Nambala ziwiri zija, ya alezi osaphunzira ndi ya ana okhala ndi ndondomeko, zimayendera limodzi. Ndondomeko ya mwana siilemba ndi mwini nyumba ali mu ofesi. Imachokera pa zomwe mlezi waona: mwana wadya bwanji, wagona bwanji, walira atamva dzina la ndani. Ngati mlezi sadaphunzitsidwe kuona ndi kulemba, fayilo imakhala yopanda kanthu, ndipo woyendera wochokera ku boma amasowa poyambira. Choncho kusaphunzira kwa alezi sikuli vuto limodzi pakati pa ambiri. Ndi komwe kumapangitsa kuti mavuto enawo asaoneke.

Taganizirani chipinda chogona ana mwezi wa Febuluwale, mvula ili mkati, udzudzu uli ponseponse. Mlezi ali yekha. Khanda lina likutsegula m'mimba, ndipo iye ayenera kudziwa kusungunula paketi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi abwino, kutsina khungu la pamimba kuti aone ngati likubwerera msanga, ndi kuzindikira kuti liwombo lalowa chifukwa madzi atha m'thupi. Mnyamata wina ali pa ma ARV, ayenera kumwa nthawi yake tsiku lililonse popanda anzake kumuseka, ndiye mlezi adziwe kusunga mankhwala ndi chinsinsi chomwe. Wina thupi latentha, ndipo funso ndi lakuti adikire kucha kapena adzutse mlonda akasake njinga yamoto. Mtsikana wa zaka 9 wayamba kukodza pogona, chikhalirecho adasiya kalekale. Mlezi wosaphunzira amutukwana kapena kumuyanikitsa mphasa pamaso pa anzake kuti achite manyazi. Wophunzira adziwa kuti zotere nthawi zina zimasonyeza mantha, matenda kapena nkhanza yomwe mwanayo akulephera kuitchula, ndipo adziwanso kuti lamulo limamulamula kukanena kwa a Social Welfare kapena ku polisi, ngakhale woganiziridwayo akhale bwana wake. Palibe chimodzi mwa izi chofuna digiri. Zonse zimafuna kuti wina akhale naye pansi mleziyo, amuphunzitse, amuyese, ndi kudzabwereranso chaka chamawa.

Kuno ku zigwa za fodya nkhaniyi ili ndi mbali yakeyake. Kwa zaka zambiri maesiteti a ku Kasungu akhala akudalira matenanti ochokera kutali, ambiri a ku maboma a kummwera monga Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi Machinga. Nyumba ya Malamulo idathetsa utenanti mu 2021 posintha lamulo la zantchito, koma mabanja omwe adabwera kalewo alipobe, ndipo ena akubwerabe pa mapangano a mtundu wina. Mayi wa banja lotere akamwalira pa esiteti, malume ake a mwana ali mtunda wa makilomita mazanamazana. Mfumu ya kuno siidziwa mbumba yawo. Miyezi ya njala, kuyambira Januwale mpaka Malichi, ndi yomwenso ntchito yothyola ndi kusoka fodya imakhala pachimake ndalama zisanaoneke, ndiye bambo wotsala ndi khanda amaona kuti kulipereka ku nyumba ya ana ndiko kulipulumutsa. Mwana wotere si wamasiye wopanda mbale. Ali ndi kwawo, koma kwawoko kungasowe ngati tsiku lomulandira palibe amene adafunsa n'kulemba dzina la mudzi, la gulupu, la mfumu yaikulu, la agogo, nambala ya foni ya wachibale aliyense, n'kusunga kabuku kake ka ku sikelo ndi kumulembetsa kuti akhale ndi chiphaso chobadwira. Bambo uja akasamukira ku esiteti ina kapena kuwolokera ku Zambia, tsamba limodzi limenelo ndilo lingamubwezere mwanayo kwa abale ake.

Kufunika kwa zimenezi kumaoneka tikakumbukira kuti nyumba ya ana siyenera kukhala mudzi wa mwana mpaka kukula. Malangizo a United Nations a 2009 okhudza ana osaleredwa ndi makolo awo amati umphawi pawokha usakhale chifukwa chochotsera mwana pa banja lake, komanso kuti ana osakwana zaka 3 aleredwe m'banja. Kafukufuku wa ku Bucharest m'dziko la Romania, yemwe adayamba cha m'ma 2000, adasonyeza kuti ana omwe adachotsedwa m'nyumba zikuluzikulu n'kupatsidwa mabanja asanakwanitse zaka 2 adakula bwino m'nzeru kuposa omwe adatsalira. Kuno kwathu boma lidayesa ntchito yobwezera ana kwa abale awo m'maboma a Blantyre, Lilongwe, Dedza ndi Mangochi. Ntchito yotere imatheka pokhapokha ngati alezi adaphunzitsidwa kuti cholinga chawo n'chakuti mwana adzabwerere kwawo ali wokonzeka, akudziwa kupalira, kusinja ndi kupatsa moni akulu monga anzake a kumudzi.

Pali ena amene amati kulera ndi mtima, si pepala. Amati agogo athu adalera mbumba yonse osapondako m'kalasi, ndiye bwanji tikufuna satifiketi kwa mayi wopemphera amene wadzipereka kusamala ana a eni? Mawuwa ali ndi choonadi chake, ndipo maphunziro sangamupatse chifundo munthu wouma mtima. Koma agogo amalera zidzukulu zomwe akuzidziwa chibadwire, pakati pa mudzi womwe ukuona zonse. Akalakwitsa, azakhali alankhula, mfumu imva. Mlezi wa m'nyumba ya ana amalandira ana ochuluka nthawi imodzi, osawadziwa, ambiri atavulala kale mumtima, ndipo amawasamalira kuseri kwa mpanda komwe maso a mudzi safika. Zomwe mudzi unkachita mwachibadwa ziyenera kuchitika mwadala: kufufuza ku polisi mbiri ya aliyense asanalembedwe ntchito, kuphatikizapo mlonda, wophika ndi mlendo wochokera kunja wodzathandiza kwa milungu ingapo; kumusainitsa malamulo a khalidwe; ndi kuonetsetsa kuti mwana ali ndi munthu wina wakunja womudandaulira.

Ena amatchula ndalama, ndipo apa mpovuta ndithu. Nyumba zambiri zimayendera zopereka za mipingo ndi abwenzi akunja. Wopereka amakonda kulipirira chinthu chooneka pa chithunzi, monga chipinda chatsopano, kusiyana ndi maphunziro kapena malipiro a alezi. Ndiye eni nyumba amati boma likaumitsa malamulo atseka, ana akagona m'makhonde a masitolo pa Kasungu boma. Mantha amenewa ndi enieni, ndipo nyumba siyenera kutsekedwa lero ana asanapezeredwe kopita. Komabe mtengo wophunzitsa alezi kwa milungu ingapo ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi womanga hositelo. Nyumba yomwe ikulephera kuphunzitsa ndi kulipira alezi a ana 60 yalandira ana oposa mphamvu zake, ndipo njira yake n'kuchepetsa chiwerengero pobwezera kwa abale omwe angathe kubwerera, ndalama zotsalazo zithandize mabanjawo. Malipiro nawo ndi mbali ya nkhani yomweyi. Mlezi wolandira zosakwana malipiro ochepetsetsa omwe boma lidakhazikitsa amachoka nyengo ya fodya ikafika, maphunziro ake amapita naye, ndipo mwana yemwe adali atayamba kumuzolowera amataya mayi kachiwiri.

Chotsutsa champhamvu kuposa zonse chimaloza boma lenilenilo: ofesi ya Social Welfare ili ndi antchito ochepa, mafuta a galimoto amasowa, ndipo boma la Kasungu ndi lalikulu, kuchokera kwa Santhe mpaka kwa Simlemba. Adzayendera liti? N'zoona, ndipo makhansala ndi aphungu ayenera kufunsidwa za ndalama za ofesi imeneyi bajeti ya khonsolo ikamakambidwa. Koma kuchepa kwa oyendera kukulimbikitsa mfundo yomweyi. Woyendera amabwera mwa apo ndi apo, pomwe mlezi amakhalapo usiku uliwonse. Ophunzitsa nawo sitikusowa. Koleji ya Magomero ku Chiradzulu yakhala ikusula alangizi a chisamaliro cha anthu kwa zaka zambiri, University of Malawi ndi Catholic University of Malawi zimaphunzitsa ntchito yomweyi, ndipo m'madera muli kale alangizi oteteza ana komanso azaumoyo a m'midzi. Anamwino a pa chipatala cha Kasungu, cha St Andrew's ku Mtunthama kapena cha Nkhamenya angathe kuphunzitsa za matenda ndi kadyedwe ka ana popanda wina kukwera basi ya ku Lilongwe. Chofunika n'chakuti unduna uike mlingo umodzi wa zomwe mlezi aliyense ayenera kudziwa asanasiyidwe yekha ndi ana, ndipo chilolezo chisamawonjezeredwe popanda umboni woti mlingowo wakwaniritsidwa.

Pamene tikudikira zimenezo, anthu a m'dera ali ndi mbali yawo. Mfumu yomwe yapemphedwa malo omangapo nyumba ya ana, komiti ya chitukuko ya m'dera, kapena mpingo womwe ukusonkhetsa chimanga, ali ndi ufulu wopempha kuona chivomerezo cha unduna, kufunsa kuti ndi alezi angati amagona ndi ana usiku, adaphunzira kuti ndipo liti, komanso kuti a Social Welfare adafika komaliza tsiku liti. Wachibale wa mwana angathe kupempha kumuchezera ndi kudziwa zomwe zalembedwa zokhudza kubwerera kwake. Mayankho akakhala ozembazemba, nkhaniyo ipite ku ofesi ya Social Welfare pa boma kapena ku nthambi ya polisi ya Victim Support Unit, ndipo mwana kapena wamkulu aliyense angathe kuimba nambala yaulere ya 116.