Chitetezo cha m'thupi mwa tiana ta nsomba: chimayamba liti?

Kamwana ka chambo kakangochoka m'kamwa mwa make, kamasambira ndi kudya ngati nsomba yokwanira. Musanyengeke. Chitetezo cha m'thupi mwake chimakhala chisanakhwime, ndipo nchifukwa chake mbewu ya nsomba imafa msanga ikangovutitsidwa pang'ono.

Tukulani chivundikiro cha makha, pomwe nsomba imapumira. Chakumtunda kwake, mbali zonse ziwiri za mutu, kuli kachiwalo kakang'ono kotuwa kotchedwa thymus. Pa nsomba yaing'ono simungakaone bwino ndi maso. Kachiwaloka kamaphuka kuchokera ku khungu la m'kati mwa mmero nsomba ikadali ndi masiku ochepa, ndipo poyamba kamakhala kopanda asilikali olimbana ndi matenda.

Mwa munthu, maselo a magazi amapangidwa m'mafuta a m'mafupa. Nsomba monga chambo, makumba ndi mlamba zilibe mafuta otere. Ntchitoyi imachitika mu impso, makamaka mbali yoyandikana ndi mutu. Maselo ena osakhwima amachoka kumeneko n'kukalowa mu thymus, momwe amachulukana ndi kuphunzira kusiyanitsa thupi la nsombayo ndi tizilombo tochokera kunja. Ambiri amafera momwemo: amene sangazindikire kanthu, komanso amene angaukire thupi la mwini wake. Otsalawo, otchedwa maselo a T, ndiwo amatuluka kukalondera makha, matumbo ndi khungu. Ena amapha maselo ogwidwa ndi mavairasi, ena amatsogolera anzawo kupanga chitetezo chokumbukira matenda.

Zimenezi zimatenga nthawi. Mu kansomba ka zebrafish, komwe akatswiri amakafufuza kwambiri, maselo oyamba amafika mu thymus pa tsiku lachitatu dzira litakumana ndi umuna, koma chitetezo chonse chimakhwima pakatha masabata 4 mpaka 6. Kanthawi konseka kamwana kamadalira nterere wa pakhungu, maselo omeza tizilombo, ndi chitetezo chochepa chimene make anasiya m'dzira. Chimenechi sichikhalitsa.

Pali zinthu ziwiri zimene zimabwezera ntchitoyi m'mbuyo. Choyamba ndi kuzizira: madzi akazizira, maselo a T amagwira ntchito mwaulesi, choncho mu June ndi July pewani kukokakoka ukonde kapena kusamutsa tiana popanda chifukwa. Chachiwiri ndi kupanikizika. Nsomba zothithikana, zosowa mpweya kapena zogwidwagwidwa zimatulutsa michere imene imafooketsa thymus.

Mukamagula mbewu, sankhani yokulirapo, osati tiana tongotuluka kumene, ngakhale totchipa. Nyamulani m'mawa kapena madzulo, ndipo musadzaze chidebe. Musakolope nterere ndi manja ouma. Mukafika pa damu, viikani chidebe kapena thumba m'madzi kwa mphindi 15 mpaka 30, kenaka lowetsani madzi a pa damu pang'onopang'ono kuti nsomba zituluke zokha. Makolo obereketsa muziwadyetsa bwino, chifukwa chitetezo cha m'dzira chimachokera kwa iwo.