Filimu ya 1942 yomwe ikunena za maukwati a ku Balaka

Kwa anyamata oika mafilimu m'mafoni pa Balaka pano mupeza zomenyana za ku China, za ku Nigeria ndi za Amwenye zomasuliridwa m'Chichewa. Koma Casablanca, filimu ya 1942 ya zithunzi zakuda ndi zoyera, ndi yosowa. Ine ndimati nkhani yake ndi yakwathu kuno.

Ilsa, yemwe anaseweredwa ndi Ingrid Bergman, ndi mkazi wa Victor Laszlo, munthu wolimbana ndi ulamuliro wa Hitler. Victor atagwidwa, mbiri inamveka yoti wafa. Ku Paris, Ilsa anayamba chibwenzi ndi Rick, yemwe ndi Humphrey Bogart. Tsiku loti athawe nkhondo pa sitima, Rick anadikira pa siteshoni mvula ikugwa, koma chomwe chinafika ndi kalata basi. Ilsa anali atamva kuti mwamuna wake ali moyo, ndipo chifukwacho sanamuuze Rick. Atatuwo anadzakumana m'bala ya Rick ku Casablanca, m'dziko la Morocco.

Sinthani maina okha. Victor ndi uja anakwera basi ya ku Joni, n'kusiya mkazi kwa apongozi ku Ulongwe kapena ku Ntaja. Chaka choyamba ndalama zimabwera. Kenako foni zii, kaya anagwidwa chifukwa cha mapepala, kaya anapeza wina. Mkazi adikira mpaka liti? Wina akamufunsira n'kulola, tsiku lina mwini wake uja watulukira ndi zikwama. Ankhoswe mutu waima.

Chomwe chimandikhudza n'chakuti filimuyi simuyesa Ilsa hule, monga timathamangira kutero pa Facebook. Anakonda amuna awiri moona, aliyense pa nthawi yake. Chinapweteka Rick kwambiri si kusiyidwa, koma kusiyidwa osauzidwa chifukwa. Atamva zoona, mkwiyo unatha, ndipo iye mwini anakweza Ilsa ndi mwamuna wake ndege yopita ku Lisbon.

Iwo anali ndi nkhondo yowalekanitsa. Ife tili ndi WhatsApp m'thumba, koma munthu amawerenga uthenga, timizere tiwiri n'kubiriwira, osayankha miyezi itatu.

Ngati muli ku Joni ndipo zinthu zasintha, gulani bando, imbani, nenani. Wakumudziyo adziwe ngati akudikira mwamuna kapena mphepo.