Akaunti ya tsiku ndi tsiku: banki iti ikuyenera ndani?

Mwezi ukamatha, mizere ya pa makina a ATM ku Limbe, ku Old Town mu Lilongwe ngakhalenso ku Mzuzu imatalika mpaka kufika mumsewu. Aphunzitsi, anamwino, apolisi ndi ogwira ntchito m'makampani amakhala ali chilili, makhadi ali m'manja. Atafunsidwa chimene anasankhira banki imene akuimira mzere wakeyo, ambiri angavomere kuti sanaisankhe n'komwe. Wina anangouzidwa tsiku loyamba ntchito kuti malipiro amadzera kwakutikwakuti. Wina anatsegula akaunti ali ku koleji ndipo wakula nayo. Mlimi wa fodya anatsatira anzake a m'kalabu, poti ndalama za ku okushoni ku Kanengo kapena ku Chinkhoma zimalowera ku banki.

Komatu akaunti imeneyi ndi imene ndalama zonse za pakhomo zimadzeramo: lendi, fizi, mayunitsi a magetsi, thandizo lopita kumudzi. Ndi yoyenera kuiganizira mofatsa.

Pofika mu 2024, Malawi anali ndi mabanki 8 ovomerezeka ndi Reserve Bank of Malawi. National Bank of Malawi inakhazikitsidwa mu 1971. Standard Bank ndi imene achikulire amaikumbukira kuti Commercial Bank of Malawi. NBS Bank inayamba mu 1964 ngati New Building Society, yothandiza anthu kumanga nyumba, n'kudzasanduka banki yeniyeni mu 2004. First Capital Bank inatsegulidwa mu 1995 pa dzina la First Merchant Bank. Palinso FDH Bank, Ecobank, CDH Investment Bank ndi Centenary Bank, imene inalowa m'malo mwa MyBucks. Maina ena anazimiririka: mu 2015 FDH inagula Malawi Savings Bank, National Bank n'kugula Indebank, ndipo mu 2017 Opportunity Bank inamezedwa ndi First Merchant. Anthu ambiri anangodzuka ali makasitomala a banki imene sanalowemo ndi kale lonse, ndipo mpaka lero ali komweko.

Funso loyamba silikhudza dzina la banki koma mtundu wa akaunti. Mabanki onse ali ndi akaunti ya current, yopangidwira ndalama zolowa ndi kutuluka pafupipafupi, ndi akaunti ya savings, yosungira. Kale chimene chinkasiyanitsa kwambiri ziwirizi chinali buku la macheke. Masiku ano macheke anachepa, ndipo munthu wa savings amakhala ndi khadi ndi mwayi wotumiza ndalama pa foni chimodzimodzi mnzake wa current. Kusiyana kumene kwatsala kuli pa mtengo ndi pa ngongole. Akaunti ya current nthawi zambiri imadulidwa ndalama mwezi ndi mwezi ndipo sibereka chiwongoladzanja chenicheni, koma ndi imene banki ingalole kuti mwiniwake atape kupitirira zimene zilimo, adzabweze pambuyo. Wabizinesi amene amalipira anthu ambiri akhoza kuifuna. Wolandira malipiro kamodzi pa mwezi, amene zake zimatha pasanathe milungu itatu, nthawi zambiri sapindula nayo kanthu, ndipo ndi bwino kuti afunse za akaunti zotchipa zimene mabanki anakonzera anthu opeza zochepa.

Pamene pagona nkhani yonse ndi pa machaji. Banki siidula munthu ndalama yaikulu kamodzi, ayi. Imadula pang'onopang'ono, monga amachitira nankafumbwe m'thumba la chimanga, loti kunja likuoneka lodzaza ndithu. Pali ndalama yosamalira akaunti pa mwezi, yotapira pa ATM ya banki yomweyo, ina yokulirapo yotapira pa ATM ya banki ina, yotapira pa kauntala, yotumizira ku banki ina, yosamutsira ku Airtel Money kapena TNM Mpamba, yosindikizira sitetimenti, yopangitsa khadi latsopano likatayika. Kuyambira mu November 2021, ena mwa machaji amenewa amakhalanso ndi msonkho wa VAT pamwamba pake.

Masamu ake ndi osavuta, ngakhale manambala awa ndi ongoyerekezera. Munthu amene amadulidwa K3,000 pa mwezi, n'kumatapa kasanu ndi katatu pa K500 ulendo uliwonse, amataya K7,000 pa mwezi, imene ndi K84,000 pa chaka. Mnzake wolandira malipiro ofanana, amene akaunti yake ilibe chodula cha pa mwezi ndipo amatapa kawiri kokha pa mwezi, amataya K12,000 pa chaka. N'chifukwa chake kufunsa kuti "banki yotchipa ndi iti" sikuthandiza kwenikweni. Banki yotchipa kwa wotapa kamodzi ikhoza kukhala yodula kwa mayi wa geni amene amaika ndi kutapa tsiku lililonse. Njira yabwino ndi kutenga sitetimenti ya miyezi itatu, kuwerenga kuti ndalama zinatuluka kangati ndiponso zinatulukira pati, kenako n'kufananiza ndi mndandanda wa machaji wa mabanki awiri kapena atatu. Mndandandawu umamatidwa m'nthambi ndipo umapezekanso pa intaneti. Kuupempha si mwano. Ndi ufulu wa kasitomala, ndipo wogwira ntchito pa kauntala ayenera kuufotokoza m'chilankhulo chimene wofunsayo akumva.

Pali mtengo wina umene sulembedwa pa sitetimenti: thiransipoti. Mphunzitsi wa kumudzi amene amakwera kabaza kenako minibasi kuti akafike pa boma, n'kukapeza makina alibe ndalama kapena netiweki yagwa, walipira kale kwambiri kuposa chaji chilichonse, ndipo ana ake m'kalasi ataya tsiku. Kwa munthu wotere, banki yabwino ndi imene ili ndi ejenti pa msika wa kwawo. NBS ili ndi maejenti a Bank Pafupi, FDH ili ndi a Banki Pakhomo, ndipo mabanki enanso anatsatira njira yomweyi. Chikwangwani chokha sichikwanira. Ofunika kufunsidwa ndi anthu a m'deralo: kodi ejentiyo amakhala ndi floti pakutha pa mwezi, kapena amangoti "bwerani mawa"?

Kuyambira mu 2015, makina a National Switch analumikiza ma ATM a mabanki osiyanasiyana, moti khadi la banki imodzi limatha kutapa pa makina a banki ina. Zimenezi zinachepetsa vuto la mtunda, ngakhale kuti kutapa kotero kumadula kuposa kutapa pa makina a banki imene inapereka khadilo.

Foni nayo yasanduka nthambi ya banki. Ntchito monga Mo626 ya National Bank pa *626#, ya Standard Bank pa *247#, ya NBS pa *322# ndi ya FDH pa *525# zimayenda ngakhale pa kafoni ka mabatani, popanda bandulo ya intaneti. Apa chofunika kudziwa ndi chakuti ndalama zimayenda bwanji pakati pa akaunti ndi Mpamba kapena Airtel Money, chifukwa kumudzi agogo salandira ndalama ku banki, amalandira pa foni. Wosankha banki afunse mtengo wa kusamutsako, malire a ndalama zimene angatumize pa tsiku, ndiponso masiku amene banki imatenga kubweza ndalama zikadulidwa koma osafika kumene zimapita. Funso lomalizali anthu amalikumbukira vuto litawagwera kale. Afunsenso nambala yoimbira usiku kapena Lamlungu khadi likabedwa. Ndipo palibe banki imene imaimbira munthu foni kumufunsa PIN yake. Woimba wotero ndi mbava, ngakhale atatchula dzina la kasitomala molondola.

Nanga banki itagwa? Kwa zaka zambiri osunga ndalama analibe chowateteza chenicheni. Mu 2023 bungwe la Deposit Insurance Corporation linayamba ntchito, ndipo linaika malire akuti wosunga aliyense adzabwezeredwa mpaka K3 miliyoni pa banki iliyonse imene yatsekedwa. Kwa akaunti ya malipiro ndi zogula za pakhomo, ndalama imeneyi imakwanira anthu ochuluka, choncho palibe chifukwa choopera banki yaing'ono poti ndi yaing'ono. Amene ali ndi zoposa pamenepo angaganize zogawa m'mabanki awiri. Chitetezo chimenechi sichifika ku banki m'khonde, ngakhale kuti magulu amenewa athandiza mabanja ambiri.

Chiwongoladzanja chisanyengerere munthu posankha akaunti ya tsiku ndi tsiku. Chaka chonse cha 2024 mitengo ya zinthu inkakwera ndi maperesenti oposa 25, ndipo mu November 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Phindu la pa akaunti wamba silinayandikire n'komwe manambala amenewa. Ndalama zofuna kusunga nthawi yaitali zili ndi malo ake ena. Akaunti iyi ntchito yake ndi kulandira ndi kulipira mosavuta, pa mtengo wochepa.

Ngongole ndi imene imamanga anthu ambiri ku banki imodzi. Wotenga ngongole ya pa malipiro amasaina kuti malipiro ake azidzera komweko mpaka atamaliza kubweza, ndipo banki imayamba yadula yake mwiniwake asanagwireko. Amene akuganiza zodzakongola m'tsogolo ayenera kufananiza chiwongoladzanja, ndalama yokonzera ngongoleyo ndi inshulansi yake asanatsegule akaunti, pakuti akasaina, kusamuka kumavuta kwa zaka.

Kutsegula akaunti kunaphweka chibwerereni chiphaso cha unzika mu 2017. Kawirikawiri banki imafuna chiphasocho, umboni wa kumene munthu amakhala monga bilu ya madzi kapena kalata ya mfumu, ndi umboni wa kumene ndalama zake zimachokera. Akaunti zina zing'onozing'ono zimatsegulidwa pa foni pomwepo. Kasitomala akakhala ndi dandaulo, amayamba walipereka ku banki yake, makamaka molemba, n'kusunga kope lake. Zikakanika kumeneko, nkhani imapita ku Reserve Bank, imene Gavanala wake ndiye woyang'anira mabungwe onse a zachuma malinga ndi lamulo la 2010.

Wofuna kusamuka asathamangire kutseka akaunti yakale. Atsegule yatsopano, apereke nambala yake ku ofesi yolipira malipiro, adikire mpaka malipiro a mwezi umodzi atalowa bwinobwino, asamutse zonse zimene zimadulidwa zokha monga inshulansi ya maliro. Akatero apite ku banki yakaleyo akalembe kalata yotseka ndi kulandira umboni wake, chifukwa akaunti ya current yongosiyidwa ikhoza kumadulidwabe mwezi ndi mwezi mpaka kusanduka ngongole pa dzina lake.