Mphindi 15 zimene mlovi alibe

Katemera wa Covid-19 atafika m'dziko muno mu Marichi 2021, azaumoyo anazolowera kulondola anthu kumalo awo antchito m'malo mowadikirira kuchipatala. Ku Nkhotakota kuno, malowo anali minda ya nzimbe ya ku Dwangwa komanso madoko a asodzi.

Padoko lina kufupi ndi Chia, mlovi wina anaima pamzere wa katemera dzuwa litangotuluka. Anali atachezera usiku wonse kukoka chilimira. Maso anali psuu ndi tulo, kabudula ali chonyowa, mamba a usipa atamatirira m'mikono mpaka m'zigongono. Anapinda yekha dzanja la malaya asanauzidwe, ndipo kubayako sikunathe n'komwe mphindi imodzi. Koma atamuuza kuti akhale pabenchi mphindi 15, nkhope inagwa. Anakhala chonyonyomala, khosi lili kunyanja, kumene amayi ogula usipa anali atazinga kale boti, mabeseni ali m'manja. Gawo lake la tsikulo limachokera pa malonda omwewo. Mlangizi wa zaumoyo atangotembenuka kulemba khadi la wina, pabenchipo panatsala mchenga wa kumapazi basi.

Mkangano wagona pamenepa. Eni maboti ndi akapitawo amawerenga nthawi ya jekeseni yokha, ndipo amafuna mzere uziyenda ngati wa pachigayo. Azaumoyo amawerenga zonse: kulemba dzina, kufunsa matenda amene munthu ali nawo, kuyankha mantha ake, kenako kumuyang'anira. Amene thupi lawo limadana kwambiri ndi katemera ndi ochepa zedi, koma vutolo likabwera limabwera m'mphindi zoyambirira zomwezo. Pangakhale bwanji chitetezo munthu atapalasa kale bwato?

Nawonso azaumoyo nthawi imawathamangitsa. Botolo la katemera wa AstraZeneca linkakwanira anthu 10, ndipo likatsegulidwa linkayenera kutha pasanadutse maola 6. Dziko lino silinaiwalenso katemera wokwana 19,610 amene anatenthedwa mu Meyi 2021 atatha mphamvu.

Kudula mphindi 15 zija n'kusewera ndi moyo wa munthu. Chofunika kusintha ndi ola lofikira padoko, pakuti m'mawa ndi nthawi ya malonda.

Mwezi ukawala kwambiri, nyali sizikopa usipa. Mwera ukaomba, maboti amagona pamtunda. Masiku amenewo alovi amakhala pamthunzi tsiku lonse, kusoka maukonde ndi kusewera bawo, ndipo imeneyo ndiyo nthawi yoti azaumoyo aziwapeza.