Phunziro la Kalembedwe m'Chaka Choyamba pa Yunivesite ya Mzuzu

Munthu wochokera pakati pa mzinda wa Mzuzu, akatsata mseu wa ku Karonga kulowera cha ku Ekwendeni, amafika pa Luwinga, pamene pali Yunivesite ya Mzuzu. Nyumba zake zoyamba zinali za koleji yophunzitsa aphunzitsi. Lamulo lokhazikitsa yunivesite linapangidwa m'chaka cha 1997, ndipo ophunzira oyamba, amene anali ofuna nchito ya uphunzitsi, analowa m'mwezi wa Januwale 1999. Kuyambira pamenepo maphunziro achuluka: za nkhalango, za unamwino, zokopa alendo, za kasungidwe ka mabuku, ndi zina. Koma wophunzira watsopano, kaya anadzera mitengo kaya anadzera odwala, m'chaka chake choyamba amakomana ndi phunziro limene sanalisankhe yekha, ndilo la kalembedwe ndi kalankhulidwe, lotchedwa Communication Skills.

Ambiri amalipeputsa phunziroli. Pakuti munthu salowa m'yunivesite ya Boma ngati sanakhoze maphunziro asanu ndi limodzi pa mayeso a MSCE ndi mapointi a pakati pa 1 ndi 6, ndipo limodzi mwa maphunzirowo liyenera kukhala Chingerezi. Tsono mnyamata amene anapeza 2 kapena 3 amadabwa kuti akuphunzitsidwanso kulemba ngati mwana wa Fomu 1. Koma chimangirizo cha ku sekondale ndi cha ku koleji ziri ngati khasu ndi nkhwangwa: zonse ziri ndi mpini, koma nchito zake nzosiyana. Ku sekondale mwana amapatsidwa mutu wonga wa ulendo umene sadzauiwala, nalemba za m'mutu mwake m'kanthawi kochepa, ndipo woyesa amayang'ana makamaka ngati ziganizo zaima bwino. Ku koleji amapatsidwa funso limene anthu ophunzira amatsutsana nalo. Angafunsidwe chifukwa chimene nkhalango ya paini ya ku Chikangawa, imene inabzalidwa pa mahekitala oposa 50,000, yaonongekera chotere. Wina anena kuti ndi moto wa chaka ndi chaka, wina kuti ndi ocheka matabwa amene sanabzale mitengo ina, wina kuti ndi kuchepa kwa ndalama zosamalira nkhalango. Wophunzira ayenera kuwerenga onsewo, kuyesa umboni wao, kusankha pamene iye aima, ndi kuonetsa chifukwa chake. Imeneyi ndi nchito imene mayeso a Fomu 4 sanamfunse.

Tsono pali nkhani ya zinenero, imene ku Mzuzu iri yolemera koposa. Mwana wobadwira ku Mzimba kapena ku Rumphi amayamwa Chitumbuka, wa ku Nkhata Bay Chitonga, wa ku Karonga Chinkhonde, ndipo m'kalasi momwemo muli Ayao, Alomwe, Asena ndi Achewa ochokera m'zigawo zina. Kale Mishoni ya Livingstonia, imene Dr Robert Laws anatsegula sukulu yake yaikuru pa Khondowe m'chaka cha 1894, inkaphunzitsa ana aang'ono m'chinenero cha kwao ndi kuwakweza pang'onopang'ono kufikira Chingerezi. M'chaka cha 1968 msonkhano waukuru wa chipani cha Malawi Congress unagamula kuti Chichewa chikhale chinenero cha dziko pamodzi ndi Chingerezi, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa m'sukulu ndi pa wailesi, pamene chinabwereranso m'chaka cha 1994. M'chaka cha 1996 Unduna wa Maphunziro unalamula kuti ana a Sitandade 1 kufikira 4 aziphunzira m'zinenero za kwao, koma mabuku ake sanapezeke okwanira. Ndipo lamulo la maphunziro la 1996 lija linapitidwa ndi la 2013, limene linaika Chingerezi kukhala chinenero chophunzitsira. Kotero wophunzira wambiri wa kumpoto amaganiza m'chinenero chimene sanaphunzire kuchilemba, anaphunzira malamulo a chinenero chachiwiri m'kalasi, ndipo amayesedwa m'chachitatu.

Mphunzitsi wodziwa zimenezi sadabwa ndi zolakwa zimene amazipeza, pakuti zambiri ziri ndi muzu wake m'chinenero cha pakhomo. M'Chichewa mlowam'malo "iye" sasiyanitsa mwamuna ndi mkazi, ndipo Chitumbuka chiri chimodzimodzi. Nchifukwa chake "he" ndi "she" amasinthana malo m'ndime imodzi. Timau "a" ndi "the" tiribe tinzake m'zinenero zimenezi, kotero timasiyidwa pofunika ndi kuikidwa posafunika. Mneni "kubwereka" amagwira mbali zonse ziwiri, ya wopereka ndi ya wolandira, ndiye wolemba amaika "borrow" pamene pafunika "lend". Mneni "kumva" amasenza za khutu, za mphuno, za thupi ndi za nzeru, zimene Chingerezi chimazipatsa aneni anai. Munthu akafunsidwa kuti "Sunapite?" nayankha "Inde", kwao amamveka kuti sanapite, akatengera yankho lomwelo m'Chingerezi, amanena zosiyana ndi zimene afuna. Kudula mzere wofiira pansi pa zolakwa zotere sikuchiza kanthu. Koma wophunzira akaonetsedwa kumene cholakwacho chichokera, amachizindikira yekha ulendo wina.

Chobvuta koposa galamala ndicho kaimidwe ka nkhani. Pa bwalo la milandu kapena pa chinkhoswe munthu waulemu safika pa mfundo msanga. Amayamba kuthokoza, nakumbutsa za kale, nazungulira, ndipo chimene anadzera amachitula pomalizira, omvera atakonzeka mitima. Mwambo umenewu si wolakwa iai, ndipo amene amaunyoza sanaone m'mene umazimitsira mikangano. Koma chimangirizo cha ku koleji chimayenda chobwerera: mfundo yaikuru imanenedwa m'ndime yoyamba, poyera, ndipo ndime zotsatira zimaisenza, iri yonse ndi ganizo limodzi ndi umboni wake. Wolemba za Chikangawa amene watha tsamba lathunthu kufotokoza kuti mitengo ndi mphatso yofunika kwa anthu onse sanayambe kuyankha funso. Palinso mantha a kutsutsa cholembedwa. Mwana woleredwa bwino satsutsa wamkuru pagulu, ndipo buku losindikizidwa amaliyesa wamkuru; tsono mabuku awiri akatsutsana, iye amalemba zonse ziwiri motsatana, osanena kuti lolondola ndi liti. Phunziroli limafuna kuti aphunzire kutsutsa mwaulemu koma mosabisa, ndipo kwa ambiri chimenechi chimatenga chaka chonse.

Malamulo a phunziroli amasiyana pang'ono koleji ndi koleji, koma mitu yake ndi yodziwika. Wophunzira ayenera kufika m'kalasi, pakuti kulemba kumaphunziridwa pochita, ndipo zolemba za mnzake sizingamchitire. Ayenera kupereka nchito pa tsiku loikika. Matenda ndi maliro zimamveka ngati mphunzitsi wauzidwa msanga ndi umboni wake, koma kuzima kwa magetsi usiku womaliza ndi chodandaula cha munthu amene anali ndi milungu itatu. Malikisi amachokera mbali ziwiri, ku nchito za m'kati mwa chigawo cha chaka ndi ku mayeso omaliza, kotero wonyozera nchito zazing'ono amalowa m'mayeso ali ndi ngongole kale. Wolephera amalemba mayeso obwereza kapena kubwereza phunziro lonse, ndipo kwa mwana amene makolo ake anagulitsa fodya kapena khofi kuti amlipirire, kapena amene akuphunzira ndi ngongole ya Boma, chaka choonjezera si chinthu chapafupi.

Lamulo limene limagwetsa ambiri ndilo la kuba mau a eni. Pano mpofunika kudekha, chifukwa ambiri ogwidwa m'chaka choyamba sanadziwe kuti akuba. Ku sekondale mwana ankayamikidwa akabweza mau a m'buku monga alili, osasintha ngakhale mpatuliro. Ndipo makamaka amene anaphunzira m'sukulu za masana za m'midzi, zimene zinakhazikitsidwa m'chaka cha 1998 m'malo mwa sukulu za MCDE, kawirikawiri buku lao linali zolemba za mphunzitsi pa bolodi. Kuloweza kunali njira yokhayo. Tsono afika kumene chinthu chomwecho chimatchedwa mlandu.

Komatu mwambo wa kutchula mwini mau si wachilendo. Munthu akafuna kuponya mwambi amayamba ndi kuti "akuluakulu anati", kusonyeza kuti nzeruyo si yake ndi kuti iri ndi mphamvu yoposa yake. Mboni pa bwalo imasiyanitsa chimene inaona ndi maso ndi chimene inauzidwa, ndipo ikauzidwa imafunsidwa kuti anaiuza ndani. Chimene koleji imaonjezera nchakuti wamkuruyo atchulidwe dzina, ndi chaka chimene analemba, ndi tsamba, kuti wowerenga wokayika apite akadzionere yekha. Mau otengedwa monga alili amatsekeredwa m'mitengero. Ganizo lotengedwa ndi kunenedwa m'mau ena limatchulidwabe mwini wake, pakuti kusintha mau awiri kapena atatu kuli ngati kusintha chingwe cha mbuzi yakuba. Njira zolembera maina zimenezi ziripo zingapo, monga ya APA ndi ya Harvard. Zimasiyana pa malo a mpumiro ndi mpatuliro, ndipo chofunika nkugwira imodzi kufikira kumapeto. Chilango chake chimayambira pa kulandidwa malikisi onse a nchitoyo, ndipo wobwereza angaimitsidwe kapena kuchotsedwa.

Mayesero akula m'zaka zino. Pa 18 Disembala 2015 moto unatentha nyumba ya mabuku ya Yunivesite ya Mzuzu, ndipo mabuku pafupifupi 45,000 anapsa; ophunzira a masiku amenewo anatsamira kwambiri pa intaneti, kumene kukopera ndime yathunthu ndi nchito ya zala ziwiri. Makoleji ambiri pa dziko lapansi amagwiritsa nchito makina onga Turnitin ofananitsa chimangirizo ndi zolembedwa zina. Koma kuyambira m'mwezi wa Novembala 2022, pamene ChatGPT inatulukira, foni ya m'manja imatha kulemba chimangirizo chatsopano chosafanana ndi china chiri chonse, m'Chingerezi chosalala, nthawi zina ndi maina a mabuku amene sanalembedwepo. Chifukwa chake aphunzitsi ena abwerera ku njira yakale: ndime imodzi kulembedwa ndi dzanja m'kalasi, zolemba zoyamba zofufutafufuta kuperekedwa pamodzi ndi zomaliza, ndi wolemba kuitanidwa kuti afotokoze pakamwa chimene ndime yake yachitatu itanthauza. Wolemba yekha sachita mantha ndi funso limeneli.

Za kuthandizana nazo zimasokoneza. Mutu umodzi susenza denga, ndipo kukambirana funso ndi anzako, kubwerekana mabuku, kapena kupempha mnzako kuti awerenge ndi kusonyeza pamene sipakumveka, zonsezi nzololedwa ndi zabwino. Malire ali pa cholembera: ziganizo zikhale za mwini dzina liri pamwamba pa pepala. Zimangirizo ziwiri zikafanana, wopereka ndi wolandira onse amalangidwa, ndipo ambiri opereka amachita chifukwa cha chisoni, poopa kutchedwa odzikonda.

Sikuti malamulo amanga wophunzira yekha. Iye nayenso ayenera kuuzidwa pachiyambi, molembedwa, nchito zimene adzachita, masiku ake, ndi m'mene malikisi adzagawidwira. Ayenera kulandira pepala lake loyamba lisanafike tsiku la lachiwiri, lokhala ndi mau osonyeza chokonza, pakuti nambala yokha pamwamba pa pepala siphunzitsa munthu kulemba. Apa mpamene pali bvuto lenileni: phunziro la ophunzira onse a chaka choyamba limakhala ndi kalasi lalikuru, ndipo mphunzitsi mmodzi wopatsidwa zimangirizo mazana angapo, akati athe mphindi 15 pa chiri chonse, zimangirizo 200 zimamdyera maora 50. Kumene oyang'anira saganizira chiwerengero chimenechi, phunziro la kulemba limasanduka phunziro lomvera za kulemba.

Chotsala ndi malo a zinenero za m'dziko m'phunziro limeneli. Limachitika m'Chingerezi, ndipo nkoyenera, popeza maphunziro ena onse ali m'Chingerezi. Koma ena mwa ophunzirawo adzakaima m'makalasi a sekondale kuphunzitsa chimangirizo cha Chichewa, ndipo anamwino ndi alangizi a nkhalango adzalemba zidziwitso zowerengedwa m'midzi. Zida zake ziripo. Samuel Josia Ntara analemba Nthondo, buku limene linapata mphoto ndi kusindikizidwa m'chaka cha 1933; Chichewa Board, yokhazikitsidwa m'chaka cha 1972, inatulutsa malamulo a kalembedwe m'zaka za 1973, 1980 ndi 1990; ndipo Centre for Language Studies ya ku Zomba, imene inalowa m'malo mwake m'chaka cha 1996, inatulutsa mtanthauziramawu wa Chichewa chokhachokha m'chaka cha 2000, nigwiranso nchito pa kalembedwe ka Chitumbuka ndi zinenero zina. Pali yeso limodzi losafuna ndalama limene mphunzitsi ali yense angaligwiritse nchito mlungu woyamba: wophunzira asanalembe, anene mfundo yake yaikuru m'chiganizo chimodzi cha Chitumbuka, Chitonga kapena Chichewa, monga angauzire agogo ake. Amene walephera kunena m'chinenero cha kwao chifukwa chimene mitengo ya ku Chikangawa yathera, bvuto lake siliri m'Chingerezi, ndipo mphunzitsi amtumize kukawerenganso asanayambe kumkonzera aneni.