Cizindikiro ca Atate Cimene Cisimba Maulendo a Makolo

Akulu-akulu amatiuza kumene makolo athu anacokera, koma mbiri ya pakamwa siifika kutali kweni-kweni. Lero ndifuna kukufotokozerani m'mene anthu a sayansi amalondolera mapazi a anthu amene anafa zaka zikwi zambiri zapitazo.

M'thupi la mwamuna ali yense muli kanthu kakang'ono, kosaoneka ndi maso, dzina lace Y chromosome. Mnyamata amakalandira kwa atate wace, iwonso anakalandira kwa atate ao. Mtsikana sakalandira konse. Kamayenda monga ciwongo ca Angoni, kucokera kwa bambo kumka kwa mwana, ndipo munthu angasamuke kapena kusintha cinenero, iko kamapita naye.

Tsono nthawi zina kanthu aka kamasintha pang'ono mwa mwana mmodzi, ndipo ana ace amuna ndi adzukulu ace amuna obadwa mwa iwo amabadwa naco cizindikiro catsopanoco. Poyesa malobvu a amuna a m'maiko ambiri, a sayansi amaona amene afanana zizindikiro, nawaika m'magulu onga nthambi za mtengo umodzi. Nthambizo anazicha maina a malembo: A, B, E, Q ndi ena.

Nanga apezanji? Nthambi zakale koposa zonse, A ndi B, ziri mu Africa muno. Mu 2013 analengeza za nthambi yakale yoposa zinzace, A00, imene ipezeka pakati pa anthu a mtundu wa Mbo ku Cameroon. Mitundu ya ku Ulaya, ku Asia ndi ku America inacokera kwa anthu owerengeka amene anaturuka mu Africa zaka pakati pa 50,000 ndi 70,000 zapitazo. Eni dziko a ku America ambiri ali a nthambi ya Q, imene inafikako kucokera ku Siberia.

Kwathu kuno amuna ambiri ali a nthambi ya E-M2. Imeneyi inafala pamodzi ndi alimi olankhula zinenero za cibale ndi cathu, amene anayamba kucoka ku malire a Nigeria ndi Cameroon zaka 4,000 kapena 5,000 zapitazo. Mapale ndi zitsulo zofukulidwa pansi zisonyeza kuti alimiwo anafika ku nyanja yathu pafupi-fupi zaka 2,000 zapitazo, napeza alenje amene tiwacha Akafula.

Koma cenjerani apa, makamaka inu mafumu. Munthu ali ndi makolo awiri, agogo anai, ndipo mukabwerera mibadwo khumi muwerenga makolo 1,024. Cizindikiro ici cisimba za mmodzi yekha mwa onsewo. Za amai ao a anthu cikhala cete. Mzere wa amai uli ndi cizindikiro cace-cace, cimene amayesa padera. Pakati pa Acewa ufumu umapita kwa mwana wa mlongo wa mfumu, ndipo mwanayo satenga cizindikiro ca atsibweni ace, amatenga ca bambo wace amene anadzakhala pa cikamwini.

Cifukwa cace wina akadza pa bwalo ndi pepala la kuyesa kumeneku, nati ufumu kapena munda ndi wace, musamweruzire mlandu ndi pepalalo. Ilo linena njira imene atate a atate ace anadzera kale-kale. Za mbumba ndi za malire a minda funsani akulu monga mwa masiku onse.

Tsalani bwino.